Tintchentche ta m'maso: zoyenera kuchita mukayamba kuona tizinthu toyandama

Chiyambire pamene ndinapuma pa ntchito ya unamwino wa maso, sipapita mwezi osafunsidwa funso limodzimodzi, kaya ndi pakhomo la tchalitchi ku Highfield muno mu Harare, pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro, kapena pa foni usiku. Munthu amandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti: "Mayi, m'diso mwangamu muli kachinthu kakuda kamene kamayenda ndikamayendetsa diso, ndasukusula, ndatikita, mwana wandiuzira, koma sikakuchoka." Ena amati ndi ntchentche, ena ulusi, ena tandaude. Ndaganiza zolemba yankho langa lonse pamalo amodzi, chifukwa poyankha moimirira ndimafulumira, ndipo mfundo imene ndimaisiya nthawi zambiri ndi imene imapulumutsa diso.

Madokotala amatchula tizinthu timeneti kuti floaters, ndipo mawuwa muwasunge chifukwa mudzawafuna kuchipatala. M'mabuku akale a zachipatala ankatitcha muscae volitantes, mawu a Chilatini otanthauza ntchentche zouluka, choncho amene amati akuona ntchentche sakulakwitsa.

1. Yambani mwatsimikiza kuti si chitsotso.

Chitsotso chimakhala kunja kwa diso, chimathwethwa, chimatulutsa misozi, ndipo diso limafiira. Manthongo kapena misozi youma zimachititsa chimbuuzi chimene chimatha mukaphethira kangapo. Tizinthu toyandama tili m'kati mwenimweni mwa diso. Sitipweteka, sitiyabwa, kuphethira sikutichotsa, ndipo mukafuna kutiyang'anitsitsa timathawira kumbali, kenako diso likaima timatsetsereka pang'onopang'ono. Timaoneka kwambiri mukayang'ana chinthu chowala chopanda maangamaanga, monga thambo la mu Julayi lopanda mtambo, khoma lopaka laimu, kapena pepala loyera. Ngati zanu zili choncho, lekani kutikita, ndipo musalole munthu kukuuzirani kapena kukupisani lilime m'diso, pakuti chimene akufunacho sangachifike.

2. Dziwani chimene chikuchitika m'katimo.

Kumbuyo kwa mwana wa diso kuli chipinda chodzaza ndi madzi onanda, oonekera bwino ngati choyera cha dzira laiwisi, amene madokotala amati vitreous. Madziwa ndi okwana pafupifupi mamililita 4, kutanthauza kuti sadzaza ngakhale supuni yaing'ono ya tiyi, ndipo amagwiridwa ndi timaulusi tosaoneka. Khoma la kumbuyo kwa chipindacho lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, ndipo kameneka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Munthu akamakula, madzi onandawo amayamba kusungunuka, timaulusi tija timakumana n'kupanga timfundo, ndipo kuwala kukamadutsa, timfundoto timaponya mthunzi pa retina. Chimene mukuonacho ndi mthunzi umenewo.

Pa anthu ambiri, makamaka akadutsa zaka 50, tsiku lina madzi onandawo amanyala n'kumatuka pa retina. Apa m'pamene munthu amadzuka m'mawa n'kupeza kachinthu kakakulu kamene dzulo kanalibe, nthawi zina kozungulira ngati mphete. Kumatuka kumeneku pakokha si matenda, n'chimodzimodzi ndi imvi. Kumabwera msanga kwa anthu amene saona patali ndipo amavala magalasi okhuthala chiyambire ubwana, kwa amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ndiponso kwa amene anamenyedwapo kapena kuvulala padiso. Vuto ndi lakuti pomatukapo madziwo nthawi zina amakoka retina mwamphamvu mpaka kuing'amba. Madzi akalowa pong'ambikapo amayamba kuitukula, monga mmene chinyontho chimalowera pamng'alu n'kumatula pulasitala pakhoma, ndipo mbali imene yatukukayo imaleka kuona.

3. Yesani diso lililonse palokha.

Ili ndi khwerero laling'ono koma anthu ambiri salichita. Maso awiri amabisirana zofooka, moti munthu angathe kutaya theka la kuona kwa diso limodzi osazindikira. Imani pamalo owala, phimbani diso limodzi ndi chikhatho popanda kulidina, yang'anani chinthu chimodzi chili patsogolo panu, monga chogwirira cha chitseko, ndipo osasuntha diso onani ngati mbali zonse zinayi za chitsekocho zikuoneka. Tambasulani dzanja linalo kumbali, m'mwamba ndi m'munsi, mukugwedeza zala, kuti muone ngati pali malo pamene zalazo zikusowa. Chitani chimodzimodzi ndi diso linalo. Kenako lembani papepala diso limene lili ndi vuto, tsiku limene zinayamba, ndi mmene zikuonekera. Musadalire kukumbukira, chifukwa pamaso pa dokotala anthu ambiri amasokoneza lamanja ndi lamanzere.

4. Siyanitsani zakale ndi zatsopano.

Tiulusi tiwiri kapena titatu timene mwakhala nato zaka zambiri, tosasintha, tooneka pokhapokha mukayang'ana kumwamba, sitifunika kuthamangira kuchipatala. Mudzatitchula mukadzapita kukayezetsa maso. Zimene zikufunika kuti muonedwe tsiku lomwelo, kapena mawa lake m'mawa ngati zayamba usiku, ndi izi: tizinthu tatsopano tobwera mwadzidzidzi, makamaka tikakhala tambiri ngati mwaye kapena utsi, kung'anima ngati mphezi m'mbali mwa diso limodzi, kumene kumaoneka bwino mumdima kapena mukatembenuza mutu, mthunzi wakuda wosayenda, wonga katani, wochokera kumbali, m'mwamba kapena m'munsi, ndiponso kuchepa kwa kuona kumene kwabwera mosayembekezereka. Katani ameneyu ndiye woopsa kuposa zonse. Mukamuona musadikire kuti kuche bwino, kuti mwezi uthe, kapena kuti mwana wa ku Johannesburg atumize ndalama.

Chimene chimanyenga anthu ndi chakuti retina ilibe mitsempha yomva ululu. Imang'ambika mwakachetechete, diso lili loyera bwinobwino, ndipo ife tinazolowera kuti chinthu chosapweteka chingathe kudikira. Kafukufuku wa madokotala a maso amasonyeza kuti mwa anthu 100 amene amafika ndi tizinthu tatsopano kapena kung'anima kobwera mwadzidzidzi, pakati pa 10 ndi 15 amapezeka kuti retina yang'ambika kale. Otsalawo amabwerera kwawo ndi mtima pansi, koma palibe njira yodziwira muli kunyumba kuti inu muli mbali iti.

Pali magulu amene sayenera kuzengereza ngakhale pang'ono. Odwala matenda a shuga amatha kumera timitsempha tosalimba pa retina, timene timaphulika n'kuthira magazi m'madzi onanda aja, ndipo munthu amaona ngati utsi kapena mizere yakuda kapenanso yofiirira. Amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chawo chatsika kwambiri, makamaka CD4, imene ndi muyeso wa chitetezocho, ikafika pansi pa 50, angagwidwe ndi kachilombo kotchedwa CMV kamene kamawononga retina, ndipo tizinthu toyandama tingakhale chizindikiro choyamba. TB ndi chindoko nazonso zimatha kutupitsa m'kati mwa diso. Ngati tizinthuto tabwera pamodzi ndi kupweteka, kufiira, kapena kuopa kuwala, ndiye kuti si ukalamba chabe.

Sikuti kuthwanima kulikonse n'koopsa. Nyenyezi zimene munthu amaona akadzuka mofulumira pampando zimatha m'masekondi ochepa. Mizere yokhotakhota yonyezimira imene imaoneka m'maso onse awiri, n'kumakula kwa mphindi 20 kapena 30 kenako n'kutha, nthawi zambiri imayenderana ndi mutu waching'alang'ala. Koma ikakuchitikirani koyamba muli wamkulu kale, kaonaneni ndi dokotala.

5. Onetsetsani kuti kumbuyo kwa diso kwaonedwadi.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa malangizo ambiri amangoti "pitani kuchipatala" n'kuthera pomwepo, ngati kuti kulowa pachipata cha chipatala ndiye kuchira. Ndaona anthu amene anapitadi, anaima pamzere, anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wapansi, n'kubwerera ndi kabotolo ka mankhwala odonthezera, koma retina yawo palibe anaiona. Kung'ambika kumachitika m'mbali mwenimweni mwa retina, kutali ndi pakati pamene timawerengera, choncho munthu amene retina yake yang'ambika angathe kuwerenga zilembo zonse popanda kuphonya. Kuwerenga bwino zilembo sikutsimikizira chilichonse pa nkhani imeneyi. Kuunikiridwa ndi katochi kakang'ono nakonso sikokwanira. Chofunika ndi chakuti akudonthezereni mankhwala okulitsa mwana wa diso, kenako munthu wodziwa aone retina yonse mpaka m'mbali.

Muno mu Harare njira ya boma imayambira pa kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, kaya ndi Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa kapena kwina, kumene amakulemberani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Chipatala cha maso cha boma chodziwika kwambiri ndi Sekuru Kaguvi, chimene chili mbali ya Parirenyatwa. Ngati mwaona katani uja usiku kapena kumapeto kwa sabata, pitani ku casualty ya chipatala chachikulu, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi, osadikira kuti kiliniki itsegule. Amene angakwanitse kupita kwa dokotala wa maso wolipira afunse pa foni asananyamuke ngati adzawadonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuwaona retina tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti malo oyezera magalasi ndi dokotala wa maso ndi zinthu ziwiri. Oyeza magalasi ena amayang'ana retina bwino ndipo amakutumizani msanga akakayikira, koma ngati mwangoyezedwa mphamvu ya magalasi n'kuonetsedwa mafelemu, ulendo wanu sunathe.

Tsopano mawu amene mukanene, chifukwa malo anu pamzere amadalira mawuwo. Ife tinaleredwa kuti tisamavutitse anthu, ndipo wamkulu akafunsidwa ndi namwino wa msinkhu wa mwana wake amayankha kuti "ndi pang'ono chabe, maso akungondivuta masiku ano." Namwino amene ali ndi anthu makumi angapo panja akamva zimenezo amakuikani pamodzi ndi ofuna magalasi owerengera, ndipo sanalakwe, chifukwa ndi zimene mwamuuza. Ulemu muusunge pa moni, koma pofotokoza nenani zinthu zinayi motsatana: diso liti, zayamba liti, zinabwera mwadzidzidzi kapena ayi, ndiponso ngati pali kung'anima kapena mthunzi. Munganene kuti: "Sisita, diso langa lamanzere, kuyambira Lachiwiri madzulo, mwadzidzidzi ndikuona timadontho takuda tambiri, ndipo mumdima kukung'anima ngati mphezi chakumbali." Poti ambiri mwa anamwino adzakuyankhulani m'Chishona kapena m'Chingerezi, gwiritsani ntchito mawu amene adzawamva msanga, nhunzi pa ntchentche ndi mheni pa mphezi, kapena floaters, flashes ndi curtain. Onjezani ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV, ngati munachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ngati munavulala padiso, ndiponso ngati wina m'banja mwanu retina yake inamatukapo. Pemphani mwaulemu kuti mawu akuti zabwera mwadzidzidzi alembedwe m'kalatamo, pakuti wokulandirani ku chipatala chachikulu adzawerenga kalatayo asanakuoneni nkhope.

Tengani chitupa, khadi la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa, magalasi anu, chipewa kapena magalasi a dzuwa, ndi munthu wokuperekezani. Musayendetse galimoto popita, chifukwa pobwerera simudzatha. Mankhwala okulitsa mwana wa diso amaluma pang'ono, amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti agwire, ndipo kwa maola 4 mpaka 6 simutha kuwerenga zapafupi, komanso dzuwa limakuthobwani kwambiri, moti kuwoloka msewu kapena kufunafuna kombi pa Market Square muli nokha n'kudziika pangozi. Odwala shuga atenge kachakudya chifukwa mzere ungatalike, koma mukamva kuti mwina pakhala opaleshoni, funsani namwino musanadye.

Poyezapo dokotala adzakuunikirani ndi nyali yowala kwambiri, ina yovala kumutu kapena ya pamakina oikapo chibwano, atagwira kagalasi patsogolo pa diso lanu. Adzakuuzani kuyang'ana m'mwamba, m'munsi ndi mbali zonse, ndipo mwina adzadina chikope ndi kachitsulo kuti aone m'mbali mwenimweni. Sizokoma, koma pirirani, tsegulani maso onse awiri, ndipo musabweze mutu. Ngati magazi atchinga moti sakuona kumbuyo, amatha kujambula diso ndi makina a sikani. Musanadzuke pampando funsani mafunso atatu: ngati retina yaonedwa yonse mpaka m'mbali, ngati pali pong'ambika, ndi tsiku loti mubwerenso. Dokotala wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Chifukwa chimene ndikukakamirira changu ndi kusiyana kwa chithandizo. Retina ikangong'ambika koma isanamatuke, amaiwotcherera mozungulira pong'ambikapo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kapena kuiundanitsa ndi chipangizo chozizira, ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa imene munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ikamatuka pamafunika opaleshoni yaikulu ya akatswiri amene ndi ochepa, yodula, ndipo ngati kumatukako kwafika pakati pa retina, pamene amati macula, kuona sikubwereranso mwakale nthawi zambiri ngakhale opaleshoni iyende bwino. Kuchoka pa kung'ambika kufika pa kumatuka pangatenge masiku ochepa chabe.

6. Akakuuzani kuti zili bwino, khalanibe tcheru kwa masabata 6.

Madzi onanda aja samatuka onse tsiku limodzi, ndipo anthu ochepa, pafupifupi 3 mwa 100, amene sanapezeke ndi vuto poyamba amadzang'ambika m'masabata 6 otsatira. N'chifukwa chake madokotala ambiri amakupatsani tsiku lobwerera. Lisungeni ngakhale mukumva bwino. M'masabata amenewa bwerezani kuyesa kwa pa nambala 3 m'mawa uliwonse, kamodzi kokha, osati tsiku lonse. Tizinthu tikachuluka mwadzidzidzi, kung'anima kukawonjezeka, kapena mthunzi ukaoneka, bwererani tsiku lomwelo osachita manyazi kuti munalipo dzana. Kuwerenga, kusoka ndi kuonera TV sikung'amba retina, koma pewani chilichonse chimene chingakumenyeni padiso kapena kumutu.

7. Musathire chilichonse m'diso pofuna kutisungunula.

Palibe mankhwala odonthezera, mapiritsi, kapena chakudya chimene chatsimikizika kuti chimachotsa tizinthu timeneti, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp anene motani. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo, madzi a mandimu ndi masamba ofinya zimangofika kunja kwa diso, ndipo m'chipinda cha maso ndinasamalirapo anthu amene anabwera ndi zilonda za padiso zochokera ku zinthu zoterezi, pamene vuto limene ankachiza linali losaopsa. Mankhwala odonthezera ogula mumsewu kapena obwereka kwa mnansi ndi oopsanso, chifukwa ena ali ndi mankhwala otchedwa steroid amene amakweza mphamvu ya madzi m'diso mwakachetechete mpaka kuwononga mtsempha woonera. Amene akuganiza kuti alodzedwa sindikangana nawo, koma ndimawapempha kuti retina ionedwe kaye, zinazo adzachite pambuyo.

8. Phunzirani kukhala nato.

Kwa ambiri tizinthuti sitichoka kotheratu. Chimene chimachitika n'chakuti pakapita masabata kapena miyezi ingapo timatsikira m'munsi, timazilala, ndipo ubongo umaleka kutilabadira, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi njanji amalekera kumva sitima. Chimene chimachedwetsa kuzolowera ndi kutisakasaka. Ndikudziwa anthu amene amadzuka n'kupita panja kukayang'ana kumwamba kuti awerenge ngati tilipobe, ndipo potero akuphunzitsa ubongo kuti chinthu chimenechi n'chofunika kuchiyang'anira. Kachinthu kakaima pamene mukuwerenga, yang'anani m'mwamba kenako m'munsi mofulumira kawiri kapena katatu, kadzasuntha. Masana valani chipewa kapena magalasi a dzuwa, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene kuwala kumachuluka. Pa foni ndi pa kompyuta chepetsani kuwala kapena sankhani zilembo zoyera pa malo akuda. Atelala amene amavutika ndi nsalu zoyera asoke pamthunzi, kuwala kukuchokera kumbali, m'malo mokhala padzuwa la pakhonde. Ngati nkhawa ikukusowetsani tulo ngakhale munauzidwa kuti retina ili bwino, nenani kuchipatala, chifukwa nkhawayo nayonso imathandizika.

Opaleshoni yochotsa madzi onanda onsewo, yotchedwa vitrectomy, ilipo ndipo imachotsadi tizinthuti, koma imafulumizitsa ng'ala, ndipo nthawi zina imabweretsa kung'ambika kwa retina kapena matenda a m'kati mwa diso. N'chifukwa chake madokotala amaisungira anthu ochepa amene akulephereratu kugwira ntchito patapita miyezi yambiri. Palinso laser yophwanya timfundo tija, koma umboni wa ubwino wake ndi wochepa ndipo sithandiza aliyense. Musasokoneze laser imeneyi ndi ija yowotcherera retina: amene wawotchereredwa retina amabwerera kwawo ndi tizinthu take tonse, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti chithandizo chalephera.

Diso linalo nalonso nthawi zambiri limatsatira, patapita miyezi ingapo kapena zaka zochepa. Likadzayamba musadzanene kuti izi ndikuzidziwa kale, chifukwa kuyezedwa kwa diso loyamba sikunena chilichonse za lachiwiri. Lembani tsikulo, phimbani diso limodzi, yesani mbali zonse zinayi, ndipo mukapemphenso kalata ina.